Kompyuta ya Pabalaza

Ndinabwerera kwathu ku Simlemba fodya ali m'zigafa. Mvula inali isanaleke kwenikweni, ndipo njinga yamoto imene inandinyamula kuchokera pamsewu wa tala inandigwetsera m'matope, ine pamodzi ndi chikwama changa. Mawondo sindinawayang'ane n'komwe. Ndinathamangira kutsegula chikwama kuti ndione ngati laputopu yasweka, wanjinga uja n'kumaseka, ati, "Asisi, magazi akutuluka uku, inu mukusisita makina?" Ndinamulalatira mpaka anapepesa. Ndine wamtima wapachala, ndipo kwathu konse amadziwa.

Chimene chinandibweza ndi matenda a bambo. Chifuwa chawo, chomwe tinkachiyesa chifuwa wamba cha munthu wogwira fodya, chinali chitawagoneka. Mlongo wanga ali ku Joni ndipo mapepala ake samulola kuyendayenda, choncho mayi anaimbira ine. Nthawi imeneyo ndinali kunja kwa dziko, pa yunivesite ina, ndikuchita kafukufuku wa fizikisi. Ndinapempha tchuthi ndipo anandipatsa. Koma aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anandiuza mosapita m'mbali kuti kumapeto kwa Meyi komiti ikumana kuti isankhe opitiriza ndi otsala. Zotsatira zanga zikapanda kufika, malo anga apatsidwa kwa wina, ndipo chilolezo changa chokhalira m'dzikolo chithera pomwepo. Kompyuta yaikulu ya payunivesite saloleza munthu amene ali patchuthi kuigwiritsa ntchito. Ndinatsala ndi laputopu yanga yokalamba, imene batire lake lam'kati linali litafa kalekale, moti inkayaka pokhapokha nthambo ili kumagetsi.

Ntchito yanga inali ya pulazima. Pulazima ndi mpweya umene watenthedwa koopsa mpaka tizigawo take tayoyoka n'kukhala ndi mphamvu ya magetsi. Akautsekera m'chipinda cha chitsulo, tizigawoto timamenya khoma, ndipo khomalo limagumuka pang'onopang'ono, atomu imodziimodzi. Maatomu ogumukawo amauluka, ena n'kudetsa pulazima, ena n'kukakamira penapake pakhoma lomwelo. Zimenezi sungazione ndi maso. Timaziyerekezera pa kompyuta, mu pulogalamu imene imatsata kanthu kalikonse kumene kakupita. Koma pulogalamuyo ndi yopusa ngati nkhuku. Uyenera kuiuza chilichonse: khomalo ndi la chitsulo chanji, kanthu kakamenya pagumuke maatomu ochuluka bwanji, atuluke ndi liwiro lotani, aloze mbali iti, ndiponso kumenya kofooka bwanji kumene sikugumula kanthu. Ukaiwala mzere umodzi siikuchenjeza. Imangogwira ntchito mwakhama n'kukupatsa bodza.

Ndinaika laputopu pabalaza, pa tebulo la pakona, chifukwa mpamene nthambo ya sola inkalowera ndipo batire lalikulu la galimoto linkakhala pansi pa tebulolo. Masana bambo ankagona pa matiresi pabalaza pomwepo, poti kuchipinda kunali mdima ndipo ankati kukuwabanika. Tsiku lina anandifunsa chimene ndinkalimbana nacho mpaka kuluma mano. Ndinawafotokozera monga ndafotokozeramu. Anamvetsera bwinobwino, n'kutsokomola nthawi yaitali, kenako anati:

"Ndiye mwana wanga, unakwera ndege kukaphunzira za khoma logumuka? Tapita kuseri kwa khitchini ukaone mmene mvula yachitira. Limenelo ndi laulere."

"Bambo, langali ndi la chitsulo."

"Oo, la chitsulo. Ndiye pepani, amayi."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwiranso, ine n'kuwagwirira kapu yamadzi ndikuwakalipira kuti aleke zoseka. Koma kuyambira tsiku limenelo anadzipatsa udindo. Nkhuku ikalowa n'kuyandikira nthambo, ankaiopseza ndi ndodo yawo ali chigonere. Mlendo akabwera ndi foni kuti achaje, ankamuuza kuti, "Pamenepo ayi. Pakuphikidwa za boma." Mayi anga okha ndi amene sankagwirizana nazo. Bambo atadwala, fodya yense anagwera mayiwo: kutsitsa mikangala, timitengo topachikapo fodya, m'chigafa m'mamawa masamba akadali ofewa ndi chinyezi, kusankha, kumanga masamba m'timitolo ta ndindi, kuyang'anira banja la ku Phalombe limene linkatithandiza chaka chimenecho. Akalowa m'nyumba manja ali bii ndi phula la fodya, n'kundipeza ndili tcheru pa sikirini, ankangoti, "Ena tili ndi ana, ena tili ndi alendo." Ndinkapsa mtima, koma ndinkadziwa kuti akunena zoona. M'mamawa ndinkapita kukasankha nawo, ndipo masamba anga ankawabweza chifukwa ndinkasakaniza ofiira ndi oyera.

Masabata oyambirira anapita pachabe. Poyamba khoma langa silinkagumuka n'komwe. Pulazima inkamenya, pulogalamu n'kumawerenga kuti maatomu agumuka, koma m'chipindamo munalibe ngakhale imodzi. Ndinasintha mtundu wa chitsulo, ndinasintha liwiro, ndinatsitsa malire a kumenya, osatheka. Ndinkakwera pachulu cha kumunda kukasaka netiweki kuti ndiwerenge zimene ena analemba, dzuwa likundiwotcha pamutu, anthu odutsa akundilonjera ngati wamisala. Asa! Ndinatukwana pulogalamu ija m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chizungu momwe.

Vuto ndinalipeza tsiku lina masana, ndikuwapatsa bambo phala. Maatomu ogumuka ankabadwira pakhoma penipeni, pamzere weniweni wa malire. Ndipo pulogalamuyo ili ndi lamulo lina lakuti chilichonse chokhudza khoma chamezedwa, chichotsedwe. Ndiye inkawabala n'kuwameza nthawi yomweyo. Ndinasiya supuni m'mbale, ndinathamangira pa tebulo, n'kuiuza kuti iziwatulutsira patsogolo pang'ono, kampata kochepa kwambiri kuchokera pakhoma. Nditayesa, timadontho tinayamba kutuluka pa sikirini, tikumwazika ngati matope othovoka mvula ikamagunda pansi. Ndinalulutira. Bambo anati, "Phala langa lizizire chifukwa cha timadonthoto?" Koma nawonso anakweza mutu kuti aone.

Kunatsala chinthu chimodzi choti ndisankhe, ndipo ndicho chinadzandipweteka. Kompyuta singatsate atomu iliyonse payokha, choncho kadontho kamodzi kamaimira gulu la maatomu. Timadontho tikachepa ntchito imathamanga, koma chithunzi chimatuluka chamawangamawanga, chosauza munthu kanthu. Tikachuluka chithunzi chimayera, koma ntchito imatenga masabata. Aphunzitsi anga anali atanena kale kuti zamawangamawanga komiti siiyang'ana. Ndinachulukitsa. Pulogalamuyo imatha kumasunga pamene yafika, kuti magetsi akazima uyambire pomwepo, koma ndi timadontho tochuluka chonchi, fayilo imodzi yokha yosungira inkaposa malo onse otsala mu laputopu yanga. Ndinafufuta zithunzi, nyimbo, ngakhale mabuku, koma malo sanakwane. Chosungira china chachikulu chotere ndinakachifuna ku Boma osachipeza. Ndiye ndinaiuza kuti isasunge kanthu panjira, idzangolemba zotsatira pamapeto. Ndinawerengera masiku ndipo ankakwana, n'kutsalako ochepa. Ndinayambitsa ntchito, ndinamanga nthambo ku mwendo wa tebulo ndi luzi, n'kuuza a m'nyumba kuti aliyense wokhudza pamenepo tiyambana.

Kuyambira pamenepo fani ya laputopu inkangolira osaleka, usana ndi usiku. Kukachita mitambo ndinkangoyang'ana kamuni ka batire. Tinaleka kuyatsa mababu kuti moto usungike, ndipo mayi anapirira zimenezo mong'ung'udza. Pa sikirini panali kamzere kosonyeza pamene ntchito yafika, ndipo kankakwawa ngati nkhono. Bambo nawo ankatha tsiku ndi tsiku. Anasiya phala, kenako anasiya kuseka. Koma m'mawa uliwonse ankafunsabe ndi mawu apansipansi kuti, "Zafika pati?" Ndinkawaonetsa ndi chala. Nditawauza tsiku lina kuti zatsala pang'ono, ndayamba kuona ngati ndapambana kale, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Sanamalize mwambiwo, mpweya unawathera.

Anamwalira m'mawa, dzuwa litangokwera, mayi ali kushedi kusankha fodya. Ndinali nditawagwira dzanja. Anapuma mokoka, n'kudikira, n'kupumanso, kenako sanapumenso. Ndinakuwa. Sindikumbukira zimene ndinanena, koma mayi anabwera akuthamanga masamba ali m'manja, ndipo posakhalitsa bwalo linadzaza. Kamzere ka pa sikirini kanali katatsala pang'ono kwambiri kufika kumapeto. Mwina ntchitoyo ikanatha tsiku limenelo ndi lotsatira lake, basi.

Amene sanakhalepo pamaliro akumudzi mwina sadziwa. Munthu akamwalira, pabalaza pamachotsedwa chilichonse. Mipando, tebulo, kabati, makalendala, zonse zimatuluka, kuti thupi ligone pakati ndipo amayi akhale pansi molizungulira. Palibe amafunsa eni nyumba, chifukwa eni nyumba ndi anamfedwa, ntchito yawo ndi kulira. Anthu amangodziwa chochita. Pofika masana mlongo wawo wa bambo, amene kuno kumpoto timawatcha ankhazi, anali atafika. Anandimanga chitenje m'chiuno mwamphamvu, n'kundikhazika pamphasa pafupi ndi mutu wa bambo, mkono wawo uli pamapewa anga. Amuna anayamba kutulutsa katundu. Ndinaona mipando ikutuluka, ndinaona kabati ikutuluka, koma mutu wanga unali usanagwire.

Unagwira nditaona msuweni wanga, mwana wa ankhazi omwewo, munthu wamkulu wa banja lake, atagwada pafupi ndi tebulo la pakona akumasula luzi.

"Asuweni," ndinatero, "musazule nthambo imeneyo."

Mawu anga anamira m'kulira kwa amayi. Ndinayesa kudzuka, koma ankhazi anandikanikiza pansi, poganiza kuti ndikufuna kudzigwetsa monga amachitira anamfedwa. Ndinakweza mawu. "Musazule! Ikugwira ntchito!"

Amayi ena anasiya kulira n'kucheuka. Ankhazi anandiyandikira kukhutu. "Chete, mwana wane. Awuso, bambo ako, agona apa, iwe ukukamba za wailesi? Anthu akumva. Palibe akuba katundu wako."

Msuweni wanga anandiyang'ana ndi chifundo chenicheni. "Osadandaula, asuweni. Ndiisamala ndekha, sikhudzidwa ndi munthu." Ndipo anaisamaladi, abale. Iye ndi munthu wodziwa kuti chinthu cha magetsi sunyamula chili chilumikizire, chingapse. Choncho anayamba wazula nthambo, n'kuikulunga bwinobwino pa dzanja lake. Anatseka laputopu pang'onopang'ono, anaipukuta fumbi ndi malaya ake, anaikuta m'chitenje choyera, n'kuinyamula ndi manja awiri kupita nayo kuchipinda kwa mayi. Fani inasiya kulira. M'nyumba monse munali phokoso la maliro, koma ine ndinamva kuti yasiya. Munthu yekhayo amene akanakweza ndodo n'kunena kuti pamenepo ayi anali atagona patsogolo panga, atafunditsidwa nsalu mpaka kumutu.

Ndinalira ngati sindinalirepo chibadwire. Ndinakwiya. Ndinakwiyira msuweni wanga, ndinakwiyira ankhazi ndi mkono wawo wolemera, ndinakwiyira mudzi wonse ndi ulemu wake. Ndinakwiyira ngakhale bambo, kuti analephera bwanji kudikira masiku awiri okha, iwo amene anadikira nane nthawi yonseyi. Kenako ndinayang'ana mapazi awo akuonekera kunsi kwa nsalu, ong'ambika ndi minda, ndipo chisoni chinandigwira. Amayi ena kumbuyo ankanong'onezana kuti mwana uyu anawakonda bambo ake, taonani sukulu sinamuwononge. Batire lija analitulutsa panja kuti liyatse mababu a pasiwa ndi kuchaja mafoni a oitana abale.

Tinaika maliro. Mlongo wanga sanabwere, anangolira pafoni. Pambuyo pake panali masiku okhala pansi, alendo opepesa akubwerabe, ndipo ine sindikanatha kuwasiya n'kukakhala pa tebulo. Tsiku limene katundu anabwezedwa m'nyumba, ndinayatsa laputopu ndikudziwa kale chimene ndipeze. Fayilo ya malamulo anga inalipo, yolondola mzere uliwonse. Fayilo ya zotsatira inalinso pomwepo, dzina lokha, m'kati mulibe kanthu. Kuti ndiyambirenso pankafunika masabata aja onse, ndipo Meyi anali atatsala masiku owerengeka.

Ndinachepetsa timadontho kuti ntchito ithe msanga, n'kukwera pachulu kukatumiza chithunzi chamawangamawanga pamodzi ndi kufotokoza zimene zinachitika. Aphunzitsi anga anayankha mwachifundo. Anapepesa za bambo. Za katundu wotulutsidwa pabalaza sanazimvetse, anafunsa ngati kunali kusamuka. Anati akandilankhulira ku komiti, ndipo ndikukhulupirira kuti anayesadi. Koma panali ena amene anabweretsa zotsatira zoyera, ndipo malo anali ochepa. Yankho londikana linandipeza ndili kushedi, ndikuthandiza kudinda mabelo pa jeke. Ndinaliwerenga, ndinabweza foni m'chitenje, n'kupitiriza kuponda fodya m'bokosi. 

Msuweni wanga sanadziwe chimene anachita, ndipo mpaka lero sadziwa. Akandiona amati, "Asuweni, makina aja akadali bwino? Si ndinakusungirani?" Ndimayankha kuti ali bwino, zikomo. Kodi ndimuuze chiyani? Anachita zimene munthu wolongosoka aliyense akanachita pamaliro a malume ake. Ankhazi nawo anandiyamikira pamaso pa abale kuti ndasankha kukhala ndi mayi m'malo mobwerera kwa azungu. Ndinangoti yewo, mano ndikukukuta. Panopa ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi kwathu, ndipo za pulazima zili m'ndime imodzi yokha ya buku la ana, imene ambiri amaidumpha.

Koma chaka chomwecho, mabelo atapita ku okushoni, ndinachita chinthu chimene sindingathe kuchifotokoza bwino. Ndinabwezera timadontho pa kuchuluka kwake koyamba, n'kuyambitsanso ntchito yonse. Panalibe komiti, panalibe tsiku lomalizira. Kaya inali nkhani ya liuma chabe, kaya. Fani inaliranso pabalaza masabata onse a mphepo ya mwera, m'nyumba muli zii, mayi akungodutsa. Sindinamange nthambo ndi luzi ulendo uno, ndipo palibe anaikhudza.

Inatha tsiku lina chakumasana, kunja kuli chifunga ndi kuzizira. Ndinatsegula zotsatira. Koma inu, chithunzi chake! Choyera, chosalala, chopanda mawanga ngakhale pang'ono. Chinkaonetsa pamene khoma linadyeka kwambiri, njira imene maatomu anadzera, ndi pakona pamene anakaunjikana. Chinali chimene ndinkayembekezera, ndi kena kakang'ono kamene sindinkakayembekezera, kamene kakanatha kukhala mutu wonse wa kafukufuku. Ndinathamangira pachulu kuti ndiwatumizire aphunzitsi anga, angoona chabe. Adiresi yanga ya payunivesite inakana kutseguka. Anali ataitseka. Ndikanatha kutumiza kudzera kwina, koma ndinaima pachulu paja ndikuyang'ana mapesi a fodya atauma m'minda mpaka kumapeto kwa maso, n'kudzifunsa kuti akachiona, ndiye chiyani. Ndinatsika.

Ndinawapeza mayi pakhonde akusola nyemba, mpango wakuda uli kumutu.

"Mayi, tabwerani mudzaone."

Anadzuka mwaulesi, anapukuta manja, n'kulowa. Anawerama pa sikirini nthawi yaitali, maso atawatsinzina pang'ono chifukwa magalasi alibe. Ndinayamba kufotokoza za mitundu, kuti kofiiraku ndi kumene kwagumuka, kobiriwiraku ndi kumene kwaunjikana. Anagwedeza mutu ngati akumva.

"Ndiye ndi chimenechi?" anafunsa.

"Ndi chimenechi."

"Chimene bambo ako ankathamangitsira nkhuku?"

"Eya."

Anayang'ananso.  Anakonza mpango wawo.

"Chatha?"

"Chatha, mayi."

"Ndiye zula, mwana wanga. Foni yanga yazima kuyambira dzulo, ndipo mlongo wako anati aimba."

Ndinazula nthambo, n'kulumikiza foni yawo.